Tinakuphunzitsa Kubisa, Dalitso

Yeoville, Joni

Dalitso mwana wanga,

Magetsi azima kuyambira masana, makina angoti zii, ndiye ndati ndikulembere m'malo mongokhala pakhomo la shopu kuyang'ana anthu odutsa. Mawa ukukwera basi pa Park Station kubwerera ku Malawi, kukamaliza sekondale uli pafupi ndi azakhali ako ku Balaka. Zoti ndikuuze ndili nazo, koma ukundidziwa. Pakamwa panga pamatuluka moni ndi mitengo ya zovala basi. Ndikati ndiyambe nkhani yeniyeni, ndimapezeka ndikukufunsa ngati wadya. N'chifukwa chake ndalemba. Uwerenge m'basimo kapena ukafika, zili ndi iwe, koma uwerenge yonse.

Ndiyambe ndi chimene chingakuvute usanafike n'komwe pa Mwanza. Sitikukuthamangitsa. Ukudziwa mmene Amalawi a kuno timaopsezera ana. Mwana akavuta, kholo limangoti, “Ukapitiriza ndikukweza basi.” Kutchalitchi kwathu kuja mawu amenewa amamveka kuposa Ameni. Inenso ndinakuuzapo, tsiku lija unandiyankha mwamwano pamaso pa kasitomala, ndipo ndinaona kuti mawuwo analowa. Chifukwa cha chizolowezi chimenechi, anthu ku Balaka akakuona watsika ndi chikwama adzayamba kuganiza okha: kaya anaba, kaya ndi chamba, kaya anapereka mimba. Asiye aganize. Ulendo uno unaupempha ndiwe. Ife tinakana kaye, kenako tinaona kuti ukunena zanzeru. Wokufunsa mwachipongwe umuyankhe kuti wabwera kudzaphunzira, n'kumusiya pomwepo. Si aliyense wofunsa amene akufuna kudziwa. Ambiri amangofuna nkhani yokanena pachigayo.

Koma nkhani yaikulu ya kalata ino ndi ina. Matenda aja unadwala chaka chatha, a kulemera mtima, osafuna kudya, osafuna kuonana ndi munthu, akhoza kudzabweranso. Mayi wa uphungu wa ku kiliniki uja anatiuza mosabisa. Akadzabwera uli kutali, chimene chidzakuthandize ndi pakamwa pako. Vuto ndi lakuti pakamwapo tinatseka ndife, ine ndi amayi ako, ndipo tinatseka mwaluso. Ndikufuna uone mmene tinatsekera kuti udziwe potsegulira.

Ukukumbuka Lamulungu loyamba utangofika kuno, uli ndi zaka khumi ndi zitatu? Tinaimbira foni azakhali ako, amene anakulera nthawi yonse imene ife tinkafunafuna moyo kuno. Ndinakupatsa foni. Unayamba bwino: moni, za ulendo, zimene unaona panjira. Kenako unati, “Azakhali, kuno kulibe kosewerera. Ndimangokhala m'chipinda chokhoma tsiku lonse.” Ndinakulanda foniyo ndikuseka, n'kuwauza kuti, “Akungocheza uyu, wasangalala kwabasi.” Titadula ndinakukhazika pansi. Ndinati, “Tamvera, akumudzi sitiwadandaulitsa. Ukawauza zimenezo akuthandiza chiyani? Ungowakwezera magazi. Uziti tili bwino, basi.” Unagwedeza mutu. Unali mwana womvera, ndipo phunziro limenelo unalimva kamodzi kokha n'kuligwira kuposa masamu.

Lamulo limeneli sindinalipeke ine. Ndi la tonse obwera ku Joni, ndipo telala amaliona bwino kuposa m'busa. Disembala ikamayandikira, shopu ino imadzaza ndi amuna okonzekera kupita kumudzi. Ndasokerapo jekete ya mabatani onyezimira mwamuna amene ndikudziwa kuti amagona pamakatoni kuseri kwa msika. Anandiuza kuti, “Atelala, mapewa mukweze pang'ono, ndikaoneke kuti ndikudya.” Ndinakweza. Ndi ntchito yanga. Akafika kumudzi adzagawa maswiti, adzalankhula Chizulu chophotchola ndi ana, ndipo palibe adzamve za makatoni. Tonse timatero. Iwenso tinakutengera ku mashopu aakulu a ku Midrand, pafupi ndi kuntchito kwa amayi ako, n'kukuimika pambali pa galimoto yofiira kuti tikujambule. Mwini wake wa galimotoyo sitinamuone n'komwe. Ndinakuuza kuti, “Seka, chithunzichi chikupita ku Balaka.” Unaseka. Chithunzicho anthu anachiyamikira kwambiri.

Chimene sindinawerengere n'chakuti mwana sasiyanitsa kuti lamulo ili ndi la anthu ati. Unaphunzira kuti munthu amene umamukonda sumudandaulitsa, ndiye unayamba kuligwiritsa ntchito pa ife. Ndikakufunsa za kusukulu, unkati kuli bwino. Amayi ako akabwera Loweruka kuchokera kuntchito kumene amagonera, unkawauza kuti zonse zili bwino, iwo n'kukondwa, n'kubwerera Lamulungu madzulo mtima uli m'malo. Ife tinkanena kwa anzathu kuti, “Mwana wathu ndi wofatsa, savuta.” Dalitso, ukadzakhala ndi ana ako, uziopa mwana wosavuta. Wovuta umadziwa pamene ali.

Kamodzi kokha unayesa. Unandiuza kuti anyamata akusukulu amakuseka kalankhulidwe, amakutchula dzina lija amatchula alendo tonsefe, ndipo pa nthawi yopuma umadyera kuseri kwa zimbudzi. Ine ndinali ndi tepi m'khosi, ndikuyeza diresi. Ndinayankha osatembenuka, “Ifenso amatitchula. Limba mtima, ndiwe mwamuna.” Mawu amenewa ndi otchipa, n'chifukwa chake timawagawa kwambiri. Satanthauza chilichonse koma kuti, choka pano ndili ndi ntchito. Unachoka. Wina akadzakuuza kuti limba mtima iwe usanamalize kulankhula, usadzamukwiyire, koma udzadziwe kuti si ameneyo. Udzafune wina.

Za thalauza lako la kusukulu ndiyenera kuzinena chifukwa zikuonetsa mmene munthu angayang'anire chinthu osachiona. Unabwera nalo kuti likugwa, ndilibweze m'chiuno. Ndinabweza bwinobwino, msoko wosaoneka, ndinanyadira ntchito yanga. Patapita miyezi pang'ono unabweranso nalo, ndinabwezanso. Ine amene ndimadziwa kuti kasitomala wayamba kudwala mkazi wake asanadziwe, chifukwa tepi sinama, sindinafunse kuti mnofu wa mwana wanga ukupita kuti. Ndinkati ukutalika. Choncho usamadalire kuti anthu okukonda adzaona okha. Tili pafupi kwambiri, ndipo tatopa, ndipo timaona zimene tikufuna kuona. Uziwauza. Ndabwereza: uziwauza.

Amene anatitsegula maso ndi mlendo. Transipota wina, mwa aja amanyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi, anabwera kudzaikitsa zipi. Ali pafupi kutuluka anati, “Atelala, mnyamata wanu uja mwamulembetsa ntchito kurenki kwathu?” Ndinati ayi, ali kusukulu. Iye anaseka. “Sukulu yake iti? Tsiku lililonse amakhala pakhoma paja tikamapakira mabasi a ku Malawi. Sapempha kanthu, sanyamula kanthu. Amangomvetsera.” Ndinamusokera zipi yokhota tsiku limenelo. Pambuyo pake unadzandiuza kuti unkapita kumeneko chifukwa ndi malo okhawo mu Joni amene anthu ankakuwa m'Chichewa, ndipo palibe ankakufunsa kuti ndiwe wakuti. Panthawiyo sindinafunse chifukwa. Ndinangoona kujomba kusukulu.

Ndinaitana a Mbewe, mkulu wa mpingo, chifukwa ndi mmene timachitira. A Mbewe si munthu woipa. Anabwera ndi Baibulo, anakhala pampando wabwino, iwe n'kukukhazika pakati ngati wakuba nkhuku. Anafunsa kuti, “Mnyamata, ukusuta?” Unati ayi. “Pali mtsikana?” Unati ayi. “Ndiye ndi foniyi. Ana a masiku ano satana amalowera pafoni.” Anapemphera pemphero lalitali, ndipo potuluka anandilangiza kuti ndikulande foniyo. Ndinalanda. Sindinadziwe kuti m'foni imeneyo munali munthu mmodzi yekha amene unkamuuzako zoona pang'ono, mnzako uja wa ku pulayimale ku Balaka. Tinadula chingwe chomaliza n'kumati tathetsa vuto. Pemphero usalisiye, ine sindinalisiye. Koma uzisamala ndi munthu amene amafika ndi yankho m'thumba asanamve funso. Umuthokoze mwaulemu, umuperekeze mpaka pamsewu, kenako ukalankhule ndi amene amamvetsera. Ku Balaka a mtundu umenewu aliko ambiri. Ena adzati walodzedwa ndi ansanje chifukwa unapita ku Joni. Ena adzati ndi matenda a ana olemera. Wina adzati ukungofunika khasu. Khasu ndi labwino, ukalime ndithu, thupi likatopa tulo timabwera. Koma khasu silimva.

Tsiku limene unalankhula, sindinachite chanzeru chilichonse. Ndinali ndi madiresi a kwaya ofunika kuwafutukula m'munsi, ndipo ndinakupatsa kalezala kuti undithandize kumasula misoko. Tinakhala pabenchi limodzi, aliyense maso pansalu. Sindinakufunse kanthu. Patapita nthawi unati, osadzutsa mutu, “Adadi, munthu akamalakalaka kuti asadzuke m'mawa, ndi tchimo?” Manja anga anapitiriza kumasula ulusi chifukwa mutu unaima. Ndikanakhala ndi mawu okonzeka ndikanawononga. Ndinangoti, “Pitiriza, ndikumva.” Unapitiriza mpaka madiresi onse anatha, ndipo m'mawa mwake tinapita ku kiliniki.

Pamenepo ndinaphunzirapo kanthu kamene ndikufuna upite nako. Zolemera sizituluka anthu atayang'anizana maso ndi maso. Zimatuluka cham'mbali, manja ali pantchito. Choncho ukadzaona kuti zikukukanika kunena, usadikire kuti udzapeze mphamvu zoitanitsa msonkhano. Pita ukakhale pambali pa azakhali ako akamatongola chimanga kapena akamasankha nyemba, utengeko zina, uyambire pamenepo. Sukuyenera kuyamba ndi mawu aakulu. Ungoti, “Azakhali, zija zayambanso.” Akudziwa kuti zija ndi ziti.

Mayi wa uphungu uja ndinamukayikira poyamba. Ndinkati mtsikana wamng'ono chonchi, wosadziwa n'komwe kumene kuli Balaka, angandiuze chiyani za mwana wanga. Ananditulutsa panja, nalankhula nawe wekha, ine ndili pabenchi ngati wodikira jakisoni. Ulendo wina anandiitana n'kundiuza kuti, “Bambo, mafunso anu amabwera ndi mayankho ake. Mukati, uli bwino eti, mwana ayankha chiyani?” Ndinafuna kutsutsa, koma ndinakumbukira kuti ndi mmenenso ndimafunsira makasitomala: yakukwanani eti? Onse amati eya, n'kukadandaulira kunyumba. Kalata imene mayiyo wakulembera ili m'thumba lamkati la chikwama chako. Ukafika, sabata yoyamba yomweyo, upite nayo kuchipatala cha boma pamodzi ndi azakhali ako, ukafunse amene amaona za maganizo. Usadikire kuti udwale kaye. Akakudziwa uli bwino, sudzavutika kufotokoza uli pansi. Mzere ukatalika, dikira. Tadikirapo mizere ya zinthu zopanda pake kuposa imeneyi.

Za amayi ako. Utawauza zimene unandiuza ine, analira kwambiri, mpaka anadzigwetsa pansi n'kumati, “Ndalakwa chiyani ine, ndikugwirira ntchito ndani?” Ndinakuona nkhope ikutsekeka ngati chitseko. Sabata yotsatira unawauza kuti wachira. Mvetsera bwino apa. Amayi ako akalira, misoziyo ndi yawo. Si ngongole yako. Amalira chifukwa amalera ana a eni sabata yonse, wawo ali yekha m'chipinda ku Yeoville, ndipo akudziwa. Akamaliza kulira amadzuka, amasamba kumaso, n'kufunsa kuti tichite chiyani. Ndi iwo anakapempha kwa abwana awo kuti azichoka Lachitatu lililonse kuti azikuperekeza ku kiliniki, ndipo ukudziwa kuti kupempha koteroko pantchito ya m'nyumba si masewera. Kholo kulira si kufa. Usadzabise chifukwa choopa misozi. Tikhoza kulira ndi kuthandiza nthawi imodzi, takula tikuchita zimenezo.

Tsopano ndifike pamene pakundidetsa nkhawa kwenikweni. Lamulo lija lili ndi mbali ziwiri, ndipo mawa ukuwolokera ku mbali inayo. Kuno timati akumudzi sitiwadandaulitsa. Kumudzi amati a ku Joni sitiwadandaulitsa, akuvutika kale kutifunira fizi. Ukadzayamba kulemedwa, padzapezeka munthu wabwino mtima wokuuza kuti, “Usawauze makolo ako, ali kutali, angodandaula.” Mwina sadzafunika n'komwe munthu, udzadziuza wekha, chifukwa unaphunzira bwino. Choncho Lamulungu lapitali ndinawaimbira azakhali ako iwe uli kunja, ndipo ndinawauza zonse: chipinda, makatoni a anzathu, kujomba kwako, funso lija la pabenchi, kiliniki. Kenako anati, “Achimwene, mesa zaka zonsezi mumati muli bwino?” Ndinati, “Tinkanama, achemwali.” Iwo anapumira m'mwamba n'kuti, “Ndiye tafanana. Denga la kuchipinda linagwa dzinja lija, tinagona kukhitchini mpaka mvula inatha. Alamu anu anagonekedwa kuchipatala kawiri. Ndinkati ndikuuzeni, koma ndinkati a ku Joni ali ndi zawo.” Tinaseka ngati opusa. Anthu awiri akuluakulu, a mimba imodzi, kulipira foni Lamulungu lililonse kuti tizinamizana mwaulemu. Ndinawauza kuti lamulo limenelo latha m'banja lino, ndipo anavomera. Iwenso ndikukuuza: latha. Amene analikhazikitsa pa iwe ndi ine, ndiye ndili ndi mphamvu yolichotsa.

Kusukulu yogonera komweko udzakhala wa ku Joni. Dzina limeneli lidzakupeza usanatsegule chikwama. Anyamata adzafuna nsapato zako, adzafuna uwaphunzitse mawu otukwana a Chizulu, adzafuna nkhani za mfuti ndi magalimoto. Udzayesedwa kuvala jekete ya mapewa okwera ija, chifukwa kwa nthawi yoyamba anthu adzakhala akukusirira m'malo mokuseka. Ndikumvetsa kuti zidzakoma. Koma amene wavala jekete imeneyo sangathenso kunena kuti usiku sagona. Sindikuti uziuza aliyense za kiliniki. Zimenezo ndi zako, uzisankha wowauza. Ndikungoti usapeke Joni wina amene sunakhalemo. Ukafunsidwa, uziti kuli nyumba zazitali, kumazizira mu Juni, ndipo bambo anga ndi telala. Ena adzakhumudwa n'kuchoka. Otsalawo ndi amene ungacheze nawo.

Pakati pa otsalawo usankhe mmodzi, ndi mphunzitsi mmodzi. Usasankhe wolankhula kwambiri, kapena wokondedwa ndi onse, amene aja amakhala otanganidwa ndi kukondedwa. Yang'ana amene mnzake akalakwitsa m'kalasi saseka nawo. Kwa aphunzitsi, yang'ana amene amadziwa mayina a ana okhala kumbuyo. Mnzako wa ku pulayimale uja umufunefune, ndipo umuuze kuti amene anadula macheza anu ndi ine, si iwe.

Ndikuuzenso za Lojasi, chifukwa sikuti udzangokhala wolandira thandizo. Chaka changa choyamba kuno, ndisanapeze makina, ndinkaponda matope pa zomangamanga ku Midrand. Tinkagona anyamata angapo m'chipinda chimodzi, ndipo mmodzi anali Lojasi wa ku Mulanje, wamng'ono pa tonse, wosapitirira msinkhu wako ndi zaka zambiri. Anali wanthabwala. Kenako anasiya nthabwala, anasiya kusamba, ankangogona chafufumimba Lamulungu lonse. Ife tinati wayamba kunyada. Mankhwala amene tinkadziwa anali amodzi, tinkamukokera kumowa. Ankamwa, ankaseka pang'ono, m'mawa n'kudzuka ali pansi kuposa dzulo. Mapeto ake tinamukweza basi atasokonekera kwambiri, ndipo palibe mwa ife anafunsapo kuti, Lojasi, chikukudya n'chiyani. Sindikudziwa kumene ali. Pa nkhaniyi utengepo ziwiri. Mowa wa m'timabotolo ndi chamba zidzakupeza kusukuluko, ndipo wokupatsa adzati zimachotsa maganizo. Zimachotsa madzulo n'kuwabweza m'mawa atabereka ana. Chachiwiri, ukadzaona mnyamata wanthabwala wangoti duu, iwe ukudziwa chimene ena sakudziwa. Usakamulalikire. Ukakhale naye pochapa zovala. Akakuuza zolemera kuposa msinkhu wako, monga funso lija unandifunsa, usazisunge wekha ngakhale atakulumbiritsa. Pita naye kwa wamkulu. Akwiye ali moyo.

Zizindikiro zako ukuzidziwa kuposa ine, koma ndizinene poti munthu zikamuyamba amaiwala. Chakudya chikayamba kusakoma. Ukamaona kusamba ngati phiri. Mawu a anzako akayamba kukunyansa popanda chimene alakwa. Ukamadzuka anthu onse ali mtulo, mutu n'kumakuwerengera zolakwa zako kuyambira Sitandade 1. Mawu aja akabwera okuuza kuti ndiwe katundu, kuti tikanapepukidwa popanda iwe, udziwe kuti ndi matenda akulankhula, ndipo amanama kuposa ife a ku Joni. Usadikire kuti zikwane zonse. Ziwiri zikakumana, nena tsiku lomwelo. Kunena msanga n'kupeza kuti linali tsiku loipa chabe si manyazi. Nsalu ikayamba kung'ambika pang'ono ndimasoka ndikucheza. Ikafika pondibweretsera m'manja awiri, ndiye ntchito.

Za mayeso sindikuuza zambiri. Uwerenge, n'chimene wapitira. Ukalephera phunziro, walephera phunziro, anthu amabwereza. Ine ndinamaliza Folomu 4 ndi satifiketi yabwino ndithu, ndipo ndakhala moyo wanga wonse ndikuyeza ziuno za anthu. Si moyo woipa. Ndikamaimba foni sindidzayamba ndi kufunsa malikisi, ndipo ndikaiwala n'kuyamba nawo, undikumbutse. Sindidzafunsanso kuti uli bwino eti. Ndidzafunsa kuti sabata ino yayenda bwanji, n'kukhala chete. Kukhala chete pafoni kumandiwawa chifukwa ndalama zimapita, koma ndaphunzira. Ukakhala chete nawenso, tidzakhala chete tonse mpaka wina ayambe.

Za atsikana, amayi ako akuuza zawo. Ine ndingoti usamuike mtsikana pa ntchito ya dokotala. Ndi mwana mnzako, ali ndi zake. Akakukana zidzawawa kwambiri kuposa mmene akuluakulu amavomerezera, ndipo ukadzandiuza sindidzaseka.

Poti ndachotsa lamulo, ndiyambe ndine kulankhula mopanda lamulolo. Sindikufuna kuti upite. Ndavomera chifukwa ndikuona kuti kumeneko udzapuma bwino kuposa kuno, koma sindikufuna. Maso anga ayamba kufooka, ndipo miyezi yapitayi ulusi pasingano umandilowetsera ndiwe, ngakhale tonse timachita ngati ukungosewera. Malonda chaka chino sanayende bwino. Chipinda chija ndinkachiona chopanikiza tili awiri, ndipo ndikudziwa kuti kuyambira mawa chidzakula moipa. Ndikuopanso. Ndikuopa kuti tsiku lina zidzakulemera uli kutali, ine ndili pano ndikuseka ndi kasitomala osadziwa kanthu. Zimenezi sindikukuuza kuti uzisenze, kapena kuti usinthe maganizo. Ndili ndi anzanga, ndili ndi amayi ako, magalasi ndigula. Ndikukuuza kuti uone kuti munthu akhoza kunena zoterezi kwa amene amamukonda, denga osagwa. Wawerenga, mwina ukadali m'basi, ndipo ine ndikadali bambo ako.

Mawa pokwera sindilankhula zambiri. Pamakhala anthu ambiri otidziwa, ndipo ndidzakhala ndikukangana ndi opakira za chikwama chako. Usadzawerenge nkhope yanga, siidziwa ntchito yoonetsa za mumtima. Uwerenge kalatayi.

Kusukuluko foni salola, ndikudziwa. Azakhali ako akalankhula ndi aphunzitsi oyang'anira kogona kuti ukafuna kundipeza azikubwereka yawo. Ukakhala ulibe mayunitsi, ungofulasha, ndiimba ine. Nthawi iliyonse, ngakhale ndili pakati podula nsalu ya eni. Ndipo ukadzandiuza kuti zafika poipa, sindidzakufunsa kuti chachitika n'chiyani, kapena walakwa chiyani, kapena bwanji osadikira holide. Zimenezo tidzakambirana ndikafika. Ndidzakhoma shopu n'kukwera basi yoyamba. Ngati padzakhale suti ya ukwati yosamaliza pa tebulo, mkwatiyo akabwereke jekete kwa mnzake. Sadzakhala woyamba kukwatira ndi yobwereka, ndipo ukwati udzachitika ndithu. Ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi.

Uyende bwino, ukawapatse moni azakhali ako ndi amuna awo.

Ndine bambo ako.